Funsani Akochi: kutchinga mu gemu ya basketball ya m'makoleji

Makalata ambiri a mwezi uno akunena za gemu ija ya pa kompyuta ndi pafoni, yomwe munthu umakhala kochi wa timu ya basketball ya koleji ya ku America. Mpira suugwira iweyo. Umangosankha osewera, kuwaphunzitsa, kuwapatsa malangizo, kenako kompyuta imasewera n'kukutumizira zotsatira. Ndasankhapo makalata anayi, ndipo onse akudandaula za kutchinga. Zandisangalatsa, chifukwa ana omwe ndimaphunzitsa pa bwalo la simenti kuno ku Mzuzu ambiri mtima wawo umakhala pa kuponya basi.

FUNSO: Akochi, timu yanga ndimaiseweretsa press bwalo lonse, kuyambira gemu ikayamba mpaka kutha. Chigawo choyamba timatsogola, pena ndi mapointi 10, koma chachiwiri timagonja. Osewera anga odalirika alipo 7. Kodi gemuyi imabera? Mnyamata wa ku Chibavi.

YANKHO: Siikubera ayi, mphwanga. Yankho walilemba wekha m'kalatamu: osewera 7. Press, komwe ndi kupanikiza adani bwalo lonse, imadya mphamvu. Anyamata ako amathamangitsa mpira kuchokera pomwe adani auponyera m'bwalo mpaka kudzafika ku basiketi yanu, ndipo akangogoletsa amayambiranso. Gemu ya amuna m'makoleji a ku America imakhala ya zigawo ziwiri za mphindi 20, pomwe ife kuno timasewera zigawo zinayi za mphindi 10 potsata malamulo a FIBA, bungwe loyendetsa basketball padziko lonse lapansi. Kompyuta imawerengera kutopa kwa wosewera aliyense. Akatopa, liwiro limatsika, amachedwa kufika pomwe pali mpira, ndipo munthu wochedwa amayamba kutchinga ndi manja poti miyendo yakana. Mafaulo amayambira pamenepo.

Wosewera akachita mafaulo 5 watuluka, sabweranso. Timu ikafika pa faulo ya nambala 7 m'chigawo chimodzi, adani amapatsidwa free throw imodzi (kuponya kwa pointi imodzi popanda wotchinga), ndipo akachinya amawonjezeredwa ina. Ikafika pa 10, amapatsidwa ziwiri nthawi zonse. Tatsegula zotsatira za magemu ako apitawa uone ma free throw omwe adani anaponya m'chigawo chachiwiri, uyerekeze ndi a chigawo choyamba. Ndikukhulupirira kuti mapointi 10 ako aja akuthera pamzere umenewo, adani akuponya ataima chilili popanda wowatchinga.

Press payokha ilibe vuto, ndipo ine ndimaikonda. Nolan Richardson anatenga nayo chikho cha makoleji a dziko lonse la America ndi timu ya Arkansas mu 1994, atagonjetsa Duke 76-72. Shaka Smart anafika nayo m'ndime ya matimu anayi omaliza ndi timu ya koleji ya VCU mu 2011. Koma kaseweredwe kotere kamafuna benchi yaitali, yoti wina akatopa wolowa m'malo apitirize liwiro lomwelo. Ndiye sizoni ino tchinga munthu ndi munthu kuyambira pakati pa bwalo, press uziisungira nthawi zake: mukamatsalira chakumapeto, kapena mukakumana ndi timu yomwe onyamula mpira ake ali ndi manambala otsika pa kagwiridwe ka mpira ndi kupatsirana. Nthawi yosaka osewera atsopano ikafika, funa aliwiro ndi osatopa msanga mpaka ukhale ndi anthu 10 oti ungawadalire.

China chomwe achinyamata ambiri sachiona n'choti press imapindula ngakhale mpira usalandidwe. Adani ali ndi masekondi 10 oti adutse pakati pa bwalo, ndi masekondi 30 oti aponye. Akataya 8 kapena 9 akulimbana n'kudutsa, nthawi yokonzera kaponyedwe kabwino yawachepera.

FUNSO: Ndine mphunzitsi wa masamu, ndipo gemuyi anandiphunzitsa ndi mwana wanga. Ndimaseweretsa zoni ya 2-3 chifukwa osewera anga ndi aatali koma olemera miyendo. Vuto ndi lakuti matimu ena akungotithira ya mapointi atatu. Anzanga akuti zoni ndi ya aulesi, ndisinthe. Sizoni ili pakati. Nditani? Mayi wa ku Luwinga.

YANKHO: Amayi, anzanuwo musawamvere. Jim Boeheim anaphunzitsa Syracuse kuyambira 1976 mpaka 2023, ndipo dzina lake linatchuka ndi zoni ya 2-3 yomweyi, yomwe otchinga amalondera malo, awiri kutsogolo ndi atatu pafupi ndi basiketi. Mu 2003 anatenga nayo chikho atagonjetsa Kansas 81-78, ndipo chomwe chinapulumutsa gemuyo kumapeto ndi Hakim Warrick, yemwe anachoka mkati n'kukatchinga mpira wa mapointi atatu womwe mdani ankaponya pakona. Boeheim ankasaka dala anyamata aatali, a manja aatali, monga anuwo. Komanso m'makoleji mulibe lamulo la ku NBA loletsa wotchinga kuima pansi pa basiketi kupitirira masekondi atatu asakumaka munthu, ndiye wamtali wanu akhoza kukhala pamenepo tsiku lonse. Mwasankha bwino posankha zoni molingana ndi anthu omwe muli nawo. Kutchinga munthu ndi munthu ndi osewera olemera miyendo kungakupwetekeni kwambiri, chifukwa aliyense waliwiro aziwadutsa.

Poti ndinu a masamu, tiyeni tiwerengere limodzi. Timu yochinya 50 pa 100 aliwonse pa mipira ya mapointi awiri imapeza pointi 1.00 pa kuponya kulikonse. Yochinya 35 pa 100 pa ya mapointi atatu imapeza 1.05. Yochinya 30 pa 100 imapeza 0.90. Ndiye funso loti muzidzifunsa gemu iliyonse isanayambe ndi ili: timu iyi ikaponyera kutali imachinya zingati? Ngati ili cha m'ma 30, aloleni aziponya, mwapambana ndinu, ngakhale mutaona itatu yotsatizana ikulowa mtima n'kukupwetekani. Ngati ili cha m'ma 38 kapena 40, pamenepo pofunika kusuntha.

Kusunthako sikutanthauza kutaya zoni. Magemu amtunduwu amakhala ndi pomwe mumauza otchinga kuti ayandikire basiketi kapena atulukire ku mzere wa mapointi atatu. Mu Hoops Dynasty, imodzi mwa magemu otere, mwachitsanzo, ndi manambala ochoka pa -5 kufika pa +5: a kuchotsera amakokera anthu mkati, a kuphatikiza amawatulutsa. Kwa timu yoponyera kutali yesani +2, kapena sinthani kaimidwe kukhala 3-2 kuti atatu akhale kutsogolo. Musalumphire pa +5. Mukatero mkati mwatseguka, ndipo zoni ili kale ndi zilema ziwiri mkatimo. Choyamba ndi malo a pamzere wa free throw, pomwe wosewera wodziwa kupatsira akalandira mpira amaona bwalo lonse ndipo zoni imaphwasuka. Chachiwiri ndi ma rebound, kutanthauza kutola mpira womwe waphonya, chifukwa mu zoni munthu amalondera malo, ndiye mpira ukaphonya palibe yemwe ali ndi mdani wakewake woti amutsekereze. Muziyang'ana mipira yomwe adani akutolanso ataphonya okha. Nambala imeneyo ikamakwera, bwererani mkati.

Za kusintha pakati pa sizoni ndikukanizani ndithu. M'magemu ambiri otere osewera amaphunzira kachitidwe kamodzi pang'onopang'ono kudzera m'mphindi zomwe mumapatula pa mapulakatisi, ndipo mu Hoops Dynasty amachita kupatsidwa magiredi a zilembo ngati ana a sukulu. Mukasintha lero, anyamata omwe anafika pa B mu zoni ayambira pansi pa kachitidwe katsopanoko, ndipo muluza magemu omwe mukanapambana. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Tengani phunziro kwa Tony Bennett, yemwe anali kochi wa timu ya Virginia. Iye ankatchinga munthu ndi munthu mwa njira yotchedwa Pack Line, yomwe anayambitsa ndi bambo ake, Dick Bennett: mmodzi amapanikiza yemwe ali ndi mpira, anayi enawo amakhala mkati mwa mzere wongoganizira womwe uli pafupifupi mamita 5 kuchokera pa basiketi. Njirayi imatseka mkati, n'kulola dala kuti adani aponyere kutali akuthamangiridwa. Mu 2018 timu yaing'ono ya UMBC inachinya mipira 12 mwa 24 ya mapointi atatu n'kugonjetsa Virginia 74-54, koyamba m'mbiri ya mpikisano wa amuna wolimbirana chikho cha makoleji kuti timu yoikidwa pa nambala 16, yotsikitsitsa m'gulu lake, igwetse ya nambala 1. Dziko lonse linamuseka. Iye sanasinthe katchingidwe kake, ndipo chaka chotsatira, mu 2019, anatenga chikho atagonjetsa Texas Tech 85-77.

FUNSO: Timu yanga ili m'gulu la matimu omwe amachinyitsa mapointi ochepa mu ligi yathu, 62 pa gemu, koma timaluzabe. Mnzanga amachinyitsa 70 koma ali pamwamba. Zikutheka bwanji? Wogulitsa mafoni mumsika waukulu wa Mzuzu.

YANKHO: Achimwene, mapointi pa gemu amanamiza, chifukwa amadalira liwiro lomwe timu imasewerera. Muyenera kuwerengera kuti adani anagwira mpira kangati, ndipo ulendo uliwonse anapeza chiyani. Tengani mipira yonse yomwe anaponya, chotsani yomwe anatolanso ataphonya, phatikizani yomwe anataya, kenako phatikizani ma free throw awo mutawachulukitsa ndi 0.475. Nambala yomwe mupezeyo ndi maulendo awo. Ngati inu mumasewera pang'onopang'ono, adani n'kupeza 62 pa maulendo 58, ndiye kuti mukuwapatsa 1.07 pa ulendo. Ngati mnzanuyo amathamanga, adani n'kupeza 70 pa maulendo 80, akuwapatsa 0.88. Wotchinga bwino ndi iyeyo, ndipo kusiyanako n'kwakukulu.

Mukapeza kuti vuto lilipo, lifufuzeni m'zinthu zinayi zomwe katswiri wa ziwerengero Dean Oliver anaziika m'ndondomeko: kachinyidwe ka adani ndiko kofunika koposa, kenako mipira yomwe mukuwalanda, kenako ma rebound, pomaliza ma free throw omwe mukuwapatsa. Palibe timu yomwe imapambana pa zinayi zonsezi. Ya press imalanda mipira koma imagawa ma free throw. Ya zoni siichita mafaulo ambiri koma imataya ma rebound. Sankhani ziwiri zomwe anthu anu angathe, muzigwire zolimba. Ntchito yonseyi ndi ya kalukuleta ya pafoni yomwe muli nayo m'manja, ndipo siidya bandulo.

FUNSO: Sabata yamawa ndikukumana ndi timu yomwe ili ndi wosewera mmodzi wochinya mapointi 26 pa gemu. Ndimumake ndi anthu awiri gemu yonse? Mtsikana wa ku Katoto.

YANKHO: Mwana wanga, imva nkhani iyi kaye. Mu November 2008, Stephen Curry akadali pa koleji ya Davidson, kochi wa Loyola ya ku Maryland, Jimmy Patsos, analamula anthu awiri kuti amumamatire gemu yonse, ali ndi mpira kapena ayi. Curry ataona zimenezo anangopita kukaima pakona, alonda ake awiri ali pambali pake, anzake anayi n'kumasewera ndi anthu atatu. Sanachinye pointi ngakhale imodzi tsiku limenelo. Davidson inapambana 78-48.

Ukaika awiri pa munthu mmodzi, wina watsala yekha, ndipo kompyuta imamupeza msanga kuposa munthu. Ndiye usayang'ane mapointi 26 okhawo. Yang'ana kuti amaponya kangati kuti awapeze. Ngati amaponya ka 22, musiye ndi wotchinga wako wabwino kwambiri, aponye mpaka atope, anzake azizira. Ngati amawapeza ataponya ka 14, ndiwoopsadi, ndipo apo yang'ana zinthu ziwiri: luso lake lopatsira mpira, ndi kachinyidwe ka anzake anayi aja. Akakhala wosapatsira bwino, anzakenso osachinya, mumake ndi awiri popanda mantha. Akakhala wopatsira bwino, sankha njira ija yomwe magemu ena amapereka, yomumaka ndi awiri pokhapokha iye akutsogola pa kuchinya m'gemuyo.

Uonenso komwe amachinyira. Wamtali wosewera pansi pa basiketi ndi wosavuta kumuunjikira, chifukwa wothandiza amachokera pafupi, ndipo ukakokera timu yonse mkati wamutsekera kale njira. Woponyera kutali ndiye wovuta, poti wothandizayo amasiya dera lalikulu kumbuyo kwake. Ndipo onetsetsa kuti wotchinga wako wabwino uja asachite mafaulo awiri koyambirira. Gemu yako ikakhala ndi posankhira zochita pa mafaulo, ika kuti akachita awiri m'chigawo choyamba apume pa benchi, kuti mphindi 10 zomaliza akhale ali m'bwalo pamene mdaniyo azidzafuna mpira ulendo uliwonse. Udzandilembere zotsatira zake, pamodzi ndi mipira yomwe iye anaponya ndi yomwe anzake anachinya.