Kodi makampani amathandizadi aluso?

Mnyamata wina wa ku Zomba amene amatsogolera gulu la zisudzo wanditumizira imelo. Akuti adalemba makalata kumabanki ndi kumakampani a mafoni kupempha thandizo kuti azungulire m'sukulu ndi sewero lawo, koma ngakhale yankho loti "pepani" silidabwere. Ndiye akufunsa kuti: "Kodi makampaniwa amathandizadi zaluso, kapena ndalama zawo ndi za oimba otchuka okha?"

Achimwene, amathandiza ndithu, koma ndalama zake si zachifundo ayi. Zambiri mwa izo zimatuluka m'thumba la otsatsa malonda. Amene amavomereza pempho lanu naye ali ndi bwana wake, ndipo bwanayo adzamufunsa kuti dzina la kampani lidaonedwa ndi anthu angati, makireti adatha angati, adatsegula akaunti ndi angati. Woimba wodzaza bwalo amayankha mafunso amenewa asadatsegule n'komwe pakamwa. Inu wa zisudzo mukalemba kuti "tikupempha thandizo lililonse limene mungakwanitse", kalata yanu imakagona m'kabati limodzi ndi za makwaya ofuna yunifomu.

Zabwino zilipo, tisabise. Mpikisano wa Chibuku Road to Fame udakweza pansanja mabandi amene ankangoimba m'malo omwera mowa. Mahotela a Sunbird adayika dzina lawo pa Search for a Star. First Merchant Bank, yomwe lero ndi First Capital Bank, idathandiza kwa zaka zingapo mpikisano wa nkhani zazifupi wa bungwe la alembi la MAWU, ndipo apa mpofunika kuwomba m'manja, chifukwa nkhani yolemba siikokera khamu ngati gitala. Zikondwerero monga Lake of Stars, Sand Music Festival imene adayambitsa malemu Lucius Banda, kapena Tumaini ya ku Dzaleka, yomwe idayamba mu 2014 ndipo polowa salipiritsa, sizingayende ndi ndalama za pakhomo zokha.

Chimene chimandivuta ine ndi pamene ndalamazo zimagwera. Zimagwera pa tsiku la chionetsero: zikwangwani, matenti, zimkuzamawu, malo a alendo olemekezeka. Mukazungulira kuseri kwa nsanja mumapeza woimba ng'oma atakhala pa kireti, mbale ya mpunga pamwendo, akufunsa mnzake ngati ya transipoti ituluka usiku womwewo kapena Lolemba. Kutsogoloku chizindikiro cha kampani n'chachikulu kuposa mayina a onse oimba. Miyezi imene gulu lidakhala likuyeserera, lendi ya chipinda choyesereramo, nsalu za zovala, wolemba sewero amene adagona mochedwa, zonsezi palibe amazilipira. Malo ochitira zisudzo nawo ndi chimodzimodzi. Anthu a ku Blantyre akudziwa mmene French Cultural Centre idasakazikira itatsekedwa mu 2011, ndipo ngakhale idasinthidwa dzina kukhala Blantyre Cultural Centre, kukonza kwake kwayenda mwa kamba.

Onani za mpira. TNM idatenga ligi yayikulu mu 2007 n'kukhala nayo zaka zambirimbiri, moti matimu ankadziwa kuti chaka chamawa mpikisano ulipo. Aluso ambiri amalandira za usiku umodzi. Ku South Africa, Standard Bank yakhala ikuthandiza mphoto za aluso achinyamata za Young Artist kuyambira mu 1984, ndipo wopambana amapatsidwanso ndalama zopangira ntchito yatsopano yokaonetsa ku chikondwerero cha zaluso cha mumzinda wa Makhanda. Kumeneko ndiye kuthandiza luso lisadapse. N'zimene ndingakonde kuona zikuchuluka kuno.

Palinso china chimene simudafunse. Kampani imadalira chiphaso cha boma ndiponso imaopa kukhumudwitsa makasitomala. Ngati sewero lanu likukhudza katangale kapena andale, musadabwe akakhala chete, kapena akakupemphani kuti mufewetse mawu ena. Du Chisiza Jr, amene adayambitsa gulu la zisudzo la Wakhumbata Ensemble Theatre mu 1987, ankazungulira dziko anthu n'kumalipira pakhomo. Gulu lokhala ndi anthu ake olipira limayankhula momasuka kusiyana ndi lodalira cheke chimodzi.

Tsono kalata ija ilembeninso. Nenani sukulu zimene mupiteko, masiku ake, ophunzira amene mukuyembekeza, ndi pamene dzina la kampani lidzaonekere. Ikanimo bajeti yeniyeni, yosiyako mpata, poti tonse tidaona kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mitengo ya minibasi n'kusintha anthu atapangana kale. Pemphani msanga, chaka chawo cha zachuma chisadayambe, osati kutatsala milungu iwiri. Ndipo musathamangire ku likulu kokha. Mwini malo ogona alendo ku Zomba komweko atha kukupatsani holo yoyesereramo, wosindikiza mabuku n'kukupangirani mapositala, wamalole n'kukunyamulirani katundu. Zoterezi zimapezeka msanga kuposa ndalama.

Akakuvomerani, zonse zilembedwe: ndalama zingati, zituluka liti, theka lisadafike tsiku kapena ayi. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, choncho musakongole galimoto podalira lonjezo la pafoni. Werengani bwino ndime yokamba za umwini. Ena amalemba kuti zithunzi ndi makanema a chionetserocho adzagwiritsa ntchito mmene angafunire mpaka kalekale, ndipo mudzadziona pa chikwangwani cha m'mbali mwa msewu patapita zaka, osalandira kanthu. Auzeni kuti chilolezocho chikhale cha miyezi yowerengeka, ndipo sewerolo mukalembetse ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito za aluso, musadasaine chilichonse.