Musawasiye m'chitokosi kuti "aphunzire"

Achemwali, amene akukuuzani kuti bambo a kunyumbawo, amene anakhalapo msilikali, muwasiye m'chitokosi aphunzire chifukwa amenya munthu kumowa sanazionepo zimenezi. Achimwene anga, msilikali nawonso, anabwerako ku Beni, m'dziko la DRC, ali munthu wina. Anali komweko mu November 2018 pamene asilikali athu 6 anaphedwa pomenyana ndi zigawenga za ADF, ndipo mpaka lero sanatiuzepo zimene anaona. Tulo analibe. Usiku ankachezera pakhonde maso ali kumsewu, chitseko chikangomenyetseka thukuta kamukamu. Kachasu ndiye anasanduka mankhwala ogonetsa, ntchito inathera pomwepo.

Usiku wolowa chaka chatsopano ana a kwa aneba anaphulitsa makombola pafupi ndi zenera lathu. Ndinatuluka n'kuwapeza achimwene ali chafufumimba pabwalo, akukuwa kuti aliyense agone pansi, mwana wanga atamufungatira pansi pa chifuwa chawo kumuteteza. Mwanayo akulira, iwo osamusiya. Bambo wa ana aja anabwera akuseka, n'kuwagwira paphewa chakumbuyo kuti awadzutse. Chibakera chimodzi, dzino pansi, mlomo kung'ambika. Kutacha apolisi anafika.

Nditapita ndi phala kupolisi ndinawapeza atakhala pakona, malaya ong'ambika, manja akunjenjemera moti kapu inkawakanika kugwira, ndinachita kuwamwetsa ngati khanda. Wapolisi wa pakauntala akuti, "Msilikali wanji wamantha chonchi, akungonamizira misala ameneyu." Munthu ameneyo mpaka lero ndikamukumbukira mtima umandiwawa. Amalume nawo ati ndi zithumwa za kunkhondo zawatembenukira, ndalama ya mayendedwe inathera kwa sing'anga. Kukhoti palibe ndi mmodzi yemwe amene anafunsa kuti munthuyu wachokera kuti, akudwala chiyani. Ukuuvomera mlandu? Eya. Basi, kundende. Anatulukako ataphunzira chamba, ukali utawirikiza, mkazi wawo atabwerera kwawo ndi ana. Ndiye kuphunzira kumene akunenako ndi kumeneku?

Matendawa ali ndi dzina, madokotala amati PTSD, kusokonekera maganizo kumene kumabwera munthu akadutsa m'zoopsa, ndipo amachizika. Ku America, mumzinda wa Buffalo, jaji Robert Russell anatsegula mu 2008 khoti lapadera la anthu amene anakhalapo asilikali. Wolakwayo satumizidwa kundende msangamsanga, amalamulidwa kulandira chithandizo cha mowa, mankhwala osokoneza bongo ndi maganizo, amayezedwa, amabwera pafupipafupi kudzaonekera kwa jaji yemweyo, ndipo amamupatsa msilikali mnzake wopuma woti aziyenda naye. Akamaliza bwino mlandu umachepetsedwa kapena kuthetsedwa, akazemba chilango chimamudikira. Ife mu 2013 tinatumiza ana athu ku DRC pamodzi ndi a ku South Africa ndi Tanzania; akabwerako timawalandira ndi nyimbo pabwalo la ndege, koma mutu ukasokonekera chimene chimawapeza msanga ndi unyolo. Ndimafuna aphungu athu a ku Nyumba ya Malamulo ndi a VELOM, bungwe la asilikali opuma, aikokere nkhani imeneyi poyera, isamangothera pa maluwa ofiira okumbukira asilikali a mwezi wa November.

Inuyo mawa lawirirani. Belo ya kupolisi ndi yaulere, ndipo lamulo limati munthu womangidwa akaonekere kukhoti pasanathe maola 48. Pitani ku Legal Aid Bureau, ofesi ya boma yothandiza anthu ndi maloya, bambowo asavomere mlandu asanalankhule ndi loya. Pezani kalata ya dokotala, kaya wa ku Zomba Mental, kaya ku St John of God ku Mzuzu kapena ku Lilongwe, loyayo akaipereke kwa majisitireti n'kupempha chilango chogwira ntchito kudera m'malo mwa ndende. Womenyedwayo mukamuone, mumulipirire kuchipatala, naye ndi munthu. Achimwene anayamba kupezako bwino titawatengera kwa aphungu a zamaganizo, ndipo amene anawakopa kuti apite ndi mnzawo amene anali naye ku Beni, ife abale ankatikana. Funani munthu wotero.

Koma ndinenenso, achemwali, ngati dzanja limenelo layamba kufika pa inu kapena pa ana, musandimvere zonsezi. Pitani ku Victim Support Unit ya kupolisi, awatsekere, ndipo musakachotse mlandu chifukwa apongozi alira. Tengani ana mukagone kwa abale anu, za chipatala muzikazitsatira muli kumeneko. Ngati m'nyumbamo muli chikwanje kapena mpeni waukulu, chotsani lero lomwe asanatuluke.