Za mantha ndi pemphero louma: zimene Rabbi Nachman ankaphunzitsa

Achimwene, mwafunsa ngati Ayuda ali ndi chiphunzitso chothandiza munthu amene mantha amugwira mpaka pemphero likukanika kutuluka. Chilipo, ndipo ine chimene chimandigwira mtima ndi cha Rabbi Nachman wa ku tawuni ya Breslov, mphunzitsi wa chipembedzo cha Chiyuda amene anabadwira ku Ukraine mu 1772.

Iye ankati munthu azipatula nthawi tsiku lililonse, makamaka ola lathunthu, n'kupita kwayekha kutchire kapena m'chipinda, n'kumalankhula ndi Mulungu m'chinenero chake cha tsiku ndi tsiku, popanda buku la mapemphero. Mudandaule, mufunse, mulire ngati misozi ikubwera. Mawu akasowa, ankati ngakhale kubwereza liwu limodzi lokha n'kokwanira. Apatu ndi pamene ndimamukondera, chifukwa sankayembekezera kuti munthu ayambe wakhala wolimba mtima.

Ankafanizira moyo ndi mlatho wopapatiza kwambiri, n'kunena kuti chachikulu ndi kusadzichititsa mantha powoloka. Musaganize kuti ankalankhula ali pa mtendere: mwana wake wamwamuna anamwalira ali wakhanda mu 1806, mkazi wake mu 1807, iye mwini n'kufa ndi chifuwa chachikulu mu 1810 mu mzinda wa Uman ku Ukraine, ali ndi zaka 38. Mpaka lero Ayuda zikwizikwi amapita kumanda ake pa Rosh Hashanah, chikondwerero cha chaka chatsopano cha Ayuda.