Anati khansa yatha, nanga yafika bwanji m'mapapo?

FUNSO: Adokotala ndithandizeni. Amuna anga anawapeza ndi khansa ya m'matumbo zaka ziwiri zapitazo, kumunsi kwenikweni pafupi ndi kotulukira chimbudzi. Anati ili pa siteji 1, anawapanga opaleshoni nkutiuza kuti achotsa yonse, kimo (mankhwala opha maselo a khansa) siikufunika. Munthu anachira mpaka mathalauza kuyamba kuwathina. Pano sikani yaonetsa kachotupa m'mapapo koma chiwindi chili bwinobwino. Kodi anatinamiza? Za m'matumbo ndi mapapo zikukumana pati? – Mayi wothedwa nzeru

YANKHO: Pepani mayi, koma ayi sanakunamizeni. Siteji 1 ndiye kuti chotupa sichinaboole khoma la thumbo komanso sichinafike m'mwanabere, ndipo anthu oposa 90 pa 100 aliwonse khansayi siiwabwereranso akawachita opaleshoni. Kungoti nthawi zina timaselo tina timakhala titathawira kale m'magazi mpeni usanafike, tating'onoting'ono toti sikani siingatione, timakakhala phee kwinakwake kenako nkudzayamba kukula. Zikatere nthawi zambiri zimaonekera m'zaka 3 zoyambirira, nchifukwa chaketu amapitiriza kumuyeza munthu mpaka zaka 5 olo akuoneka wathanzi.

Za mapapozo musadabwe kwambiri. Magazi ochokera m'matumbo ambiri amayamba adutsa kuchiwindi, ndiye khansa ikamafala imakonda kuyambira kumeneko. Koma mbali yakumunsi yomwe mwatchulayo ili ndi mitsempha ina yomwe imalambalala chiwindi, magazi ake amapita kumtima nkulunjika m'mapapo. Ena imawatulukira m'mafupa, mu ubongo, ngakhale pachipsera cha opaleshoni penipenipo, koma zimenezo nzapatalipatali.

Chomwe ine ndikukana nkuthamangira kugamula. Kadontho ka pasikani si umboni kuti ndi khansa yomwe ija, kakhoza kukhala chipsera cha TB yakale kapena matenda ena atsopano. Afunseni madokotala ngati angatape kanyama nkukakaunika kulabu, ayezenso CEA m'magazi, puloteni yomwe imakonda kukwera khansayi ikabwerera (ngakhale iyeyu amatha kuoneka bwino khansa ilipo, komanso amakwera kwa osuta fodya). Lipoti la opaleshoni ija litengeni, muone kuti anaunika mwanabere angati, pamafunika 12 kapena kuposa kuti siteji itsimikizike bwino.

Ikapezeka kuti ndi yomweyo koma kachotupa nkamodzi kapena tiwiri, madokotala amatha kudula kambali ka phapo kokhako, nthawi zina nkuwonjezera kimo, ndipo alipo amene amachira ndithu. Kokaonana ndi adokotala muziwaperekeza bambowo, mafunso mutalemba papepala, paja munthu akamva mawu oti khansa makutu amatseka.