Jenereta si yowothera

Bambo wina wa ku Matawale, kuno ku Zomba, wandilembera kuti jenereta yake ikalira ola limodzi imatentha moti sungaigwire. Akufunsa ngati angamailowetse pabalaza mu June kuti ana aziwothera, poti petulo wadula ndipo kutenthako kukungotayika panja.

Achimwene, mwandibwezera ku Chikanda, m'kachipinda komwe ndinkachita lendi ndili pasukulu. Malata opanda siling'i, chiperoni chili tsiku lachitatu, mphepo ikutsika m'phiri ngati yachita kutumidwa. Ine ndi mnzanga tinaphika nyemba, makala n'kutsala ali psuu. Tinati moto wogula sitingausiye panja. Tinalowetsa mbaula, tinatseka chitseko, kampata ka pansi tinatsekanso ndi chiguduli. Pakati pa usiku ndinadzidzimuka mutu ukugunda ngati wina akusinja m'kati mwake. Kuti ndiimirire, miyendo inakana. Mnzanga ndinamuitana katatu, amangobuula. Chinatipulumutsa ndi mkodzo basi: ndinakwawa kufuna kukataya madzi, chitseko n'kutseguka. Mayi eni nyumba anatikokera pakhonde, uku akutikalipira, uku akulira.

M'chipindamo munalibe utsi wooneka, munalibe fungo. Carbon monoxide, mpweya wapoizoni wotuluka pa moto wa makala kapena mu injini, ndi wotero. Amalowa m'magazi n'kulanda malo a oxygen, munthu amangofooka ali m'tulo. Jenereta imamutulutsa nthawi yonse imene ikulira.

Koma pa nkhani ya kutayika kwa kutentha simunaname. Mukathira malita 4 a petulo m'galimoto, yoyendetsadi matayala ndi pafupifupi lita imodzi. Enawo amasanduka kutentha kotulukira ku ekizozi ndi ku rediyeta. Kajenereta kakang'ono nako n'kowononga kuposa pamenepo. Mudzakwere msewu wa Ku Chawe, pamwamba pa phiri la Zomba, tsiku lotentha, mudzapeza galimoto itaima pakona, boneti ili yasa, dalaivala akudikira ndi chigubu cha madzi. Ndi kutentha komweko, rediyeta yalephera kukutaya msanga. Ndipo si vuto loti makaniko angalithetse. Mfalansa wina, Sadi Carnot, anasonyeza kale mu 1824 kuti injini yoyendera moto singasandutse kutentha konse kukhala ntchito. Kwina kuyenera kutayidwa basi.

Anzeru amakutola kutentha kumeneko, koma taonani katoledwe kake. Hita ya m'galimoto imatenga kutentha m'madzi oziziritsa injini, utsi umadutsa paipi yakeyake kupita kumbuyo. Ku Copenhagen, likulu la dziko la Denmark, nyumba zambiri zimafunda ndi madzi otentha oyenda m'mapaipi kuchokera kumalo opangira magetsi ndi owotchera zinyalala. Chimalowa m'nyumba ndi madzi, utsi ayi.

Chimandinyansa ine n'chakuti timadandaula za jenereta yolira maola awiri, pomwe kuseri kwa nyumba tikutaya moto tsiku ndi tsiku. Pamafuwa atatu, kutentha kofika mumphika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10. Kwinako timafunditsa mlengalenga. Makala ndiye osanena: mphamvu yoposa theka ya mtengo imathera pa uvuni pomwepo, thumba lisanakwere n'komwe panjinga. Kenako timayang'ana phiri n'kumadabwa kuti likumetedwa ndi ndani. Chitetezo mbaula, ija youmba ndi dothi, imasunga moto mozungulira mphika ndipo nkhuni zake n'zochepa, koma ena amaiona ngati ya kumudzi, yochititsa manyazi pamaso pa alendo. Manyazi amenewo ine sindiwamvetsa.

Nanga kamangidwe kathu? Munthu amanga mpanda wanjerwa, geti yachitsulo, matailosi mpaka kubafa, siling'i akuti tidzaika chaka chamawa. Mpweya wofunda umakwera m'mwamba, malata amaupereka kunja nthawi yomweyo. Nyumba ya agogo anga yofolera udzu, ya mawindo ngati maso a nkhuku, sitinkagonamo ndi juzi ngakhale mu July. Lero timaiseka. Ndikunena mosabisa: nyumba yopanda siling'i ku Zomba kuno ndi yosatha, ngakhale ikhale ndi dishi padenga.

Ndiye mutani?

Jenereta ikhale panja, mamita osachepera 6 kuchokera pakhomo ndi pawindo, ekizozi italoza kwina. Pakhonde ayi, m'galaja ayi. Mukamaliza kuphika, makala otsalawo muwiritsirepo madzi panja pomwepo, muthire m'botolo lolimba, mulikulunge ndi chitenje n'kuwaikira ana kumapazi. Njerwa yootcha yofunditsidwa pambali pa mbaula nayo imagwira ntchito. Ndalama ikapezeka yambani ndi siling'i ya chipinda cha ana, ngakhale ya mphasa.

Ndipo wina akadzadzuka mutu ukuwawa, chizungulire ndi nseru pomwe panali moto kapena injini pafupi, mutulutseni panja kaye, muthamange naye kuchipatala. Musamupatse panado n'kumugonekanso m'chipinda momwemo.