Makilomita atatu oyamba ndi amene amagwetsa anthu

Achemwali, mwati ndi mpikisano wanu woyamba wothamanga makilomita 21, ndipo makilomita 10 mumamaliza pa ola limodzi ndi mphindi 5. Mukufunsa liwiro loyambira. Ine ndikuti yambani pang'onopang'ono mpaka muzichita nazo manyazi.

Tiwerengere limodzi. Mphindi 65 pa makilomita 10 ndiye kuti kilomita iliyonse imakutengerani 6:30 (mphindi 6 ndi masekondi 30). Liwiro limenelo simungafike nalo ku 21, thupi likana. Lingalirani zomaliza cha m'ma 2:25 (maola awiri ndi mphindi 25), kutanthauza pafupifupi 6:50 pa kilomita. Koma atatu oyambawo thamangani 7:00 kapena 7:10. Masekondi otayikawo saposa mphindi imodzi, mudzawabweza kutsogolo.

Vuto ndi loti pa tsikulo 6:00 imamveka ngati mukungoyenda. Nyimbo zikulira, khamu likukankhana, anyamata ena atuluka ngati agalu awathamangitsa. Ine ulendo wanga woyamba ndinatengeka nawo. Kilomita yoyamba ndinaidutsa pa 5:40 ndikumadziona katswiri. Pofika pa 15 miyendo inali ngati ndamangirira njerwa, ndipo agogo ena amene ndinawapitirira poyamba paja anandidutsa akucheza ndi mnzawo. Mpake akulu anati kuthamanga sikufika.

Ndiye imani chakumbuyo poyambira. Ngati mulibe wotchi ya GPS yoyeza liwiro, pakamwa panu pakuuzani: mukatha kulankhula chiganizo chonse osabanika, muli bwino. Mukamayankha ndi liwu limodzi limodzi chifukwa cha wefuwefu musanafike pa 10, tsitsani liwiro pomwepo.

Kuyambira pa 4 mpaka 15 khazikikani pa 6:50 paja. Pachitunda musalimbane ndi wotchi, fupikitsani mapazi, liwiro litsike koma kapumidwe kakhale komweko. Potsetsereka musadziponye, ntchafu zimadzalipira pambuyo pake. Mukafika pa 16 mphamvu zikadalipo, apo ndiye yambani kusaka amene ali patsogolo panu mmodzimmodzi. Palibe chokoma ngati kupitirira anthu kumapeto.

Musaganize kuti izi ndi za ife ofooka okha. Kelvin Kiptum wa ku Kenya, pamene ankathamanga 2:00:35 pa marathon (mpikisano wa makilomita 42) ya ku Chicago mu 2023, theka loyamba anatenga mphindi 60:48, lachiwiri 59:47. Inde, alipo akatswiri ena amene amayamba ndi moto n'kupirira mpaka kumapeto, monga anachitira Eliud Kipchoge ku Berlin mu 2022, koma amenewo matupi awo amawadziwa bwino. Inu ndi ine ayi.

Za madzi: imwani pang'ono pa malo alionse omwera, musadikire ludzu. Kuyenda masekondi 15 kuti mumwe bwino si tchimo, kusiyana n'kutsamwa. Ngati dzuwa laswa mtengo, makamaka miyezi ya Okutobala ndi Novembala, onjezani masekondi 10 kapena 15 pa kilomita ndipo za 2:25 muziiwale.

Nsapato zatsopano zisiyeni kunyumba, valani zomwe mwazolowera. Chakudya cha m'mawa chikhalenso chomwe munayesapo kale, kaya ndi phala kaya buledi ndi nthochi, maola awiri kapena atatu mpikisano usanayambe. Sabata ino yesani kuthamanga makilomita atatu pa 7:05 kuti miyendo ilidziwe liwirolo. Mudzatiuze mmene zayendera.