Achimwene a ku Bembeke, kulira Tiger wanu si misala

Achimwene pepani kwambiri. Ndawerenga positi yanu mpaka pansi ndi makomenti omwe, ena angoika zoseka, ena akuti "galu yemweyo mpaka osadya?" nde ndati ine ndilembe zanga bwinobwino olo zitalike. Mwati Tiger mwakhala naye zaka 8, munamupeza mmawa akunjenjemera dovu lili chuchuchu, pofika masana anali atapita, ndipo kuchokera tsiku limenelo nsima sikulowa, mukangotsegula geti misozi ikubwera yokha. Mukufunsa ngati zili bwinobwino bambo wamkulu kumva chonchi, chomuuza kamtsikana kanu ka zaka 6 kamene kakumusakasaka kuseri kwa nyumba, komanso ngati mutenge kagalu komwe aneba akufuna kukupatsani.

Eya achimwene, zili bwinobwino. Simukupenga ndipo simukuchita zachizungu ngati mmene wina walembera mmwambamu. Agogo athu ankapita ku uzimba ndi agalu awo, galu aliyense anali ndi dzina lake ndipo mwini wake ankamuzindikira ndi kauwidwe kokha ali kutali kuseri kwa phiri, nde mukuganiza galu wotereyo akaphedwa ndi nguluwe mkulu uja ankabwera kumudzi akuimba mluzu? Chisonicho chinalipo kalekale, kungoti ankangokhala duu pa khonde osalankhula. Ng'ombe ya pangolo ikafa mudzi wonse umabwera kudzapepesa, palibe amaseka mwini wake akakhala masiku osamwetulira, chifukwa aliyense amatha kuwerengera ndalama zomwe zapita. Galu alibe mtengo pa msika wa Lizulu nde anthu amaona ngati palibe chatayika. Koma inu mukudziwa chomwe chatayika. Agalu ambiri amakhala zaka 10 mpaka 13, ndiye kuti Tiger pafupifupi moyo wake wonse anauthera pakhomo panu, mwana wanuyo anabadwa namupeza, usiku wa June kuja kuzizira kwa ku Bembeke inu muli mu bulangete iye ali panja makutu ali tcheru kumvetsera khola la mbuzi. Mukabwera mochedwa aliyense atagona, amene ankadzuka kudzakuchingamirani ndi iyeyo, mubwere ndi ndalama mubwere chimanjamanja mchira umagwedera chimodzimodzi. Zaka 8 za zimenezo sizingathe ndi kungokwirira dzenje ayi.

Ine ndili kuno ku Ntcheu mbali ya ku Tsangano, tinali ndi wathu dzina lake Jeki. Iyeyo anafa ndi ukalamba, kukamwa kutachita imvi, miyendo yakumbuyo ikukanika, masiku omaliza amangogona pambali pa phulusa kukhitchini ndipo ndikamapita kudimba amangondiperekeza ndi maso. Chomwe chinandivuta kwambiri sichinali tsiku lomuikalo, chinali madzulo aliwonse pambuyo pake. Ndikatha kupakula ndimathira madzi mumphika kupala nkhoko, kusakaniza ndi mitu ya usipa, kunyamula mbale yake yophwanyika m'mbali ija mpaka pa khonde, kenako nkuima chilili mbale ili m'manja. Manja anali atazolowera, mutu ukudziwa kuti kulibe koma manja osamva. Apongozi anga ndi amene anayamba kunena kuti mukulira chani ngati wafa munthu, koma ndi omwewo patapita nthawi ndinawamva akuuza mnzawo pa mtondo kuti pakhomo pano pazizira chichokereni Jeki. Nde alamu akamakusekani musawakwiyire msanga, anthu ena chisoni chawo chimatulukira m'kuseka, mwina nawonso akutaya mikute kudzala mtima ukuwawa.

Zoti mwamuna salira zija zisiyeni. Mawu amenewo apweteka abambo ambiri kwathu kuno, munthu kusunga zinthu mumtima mpaka kukazitsitsira ku kachasu. Lirani, ngati mukuchita manyazi pamaso pa ana pitani kumunda mukalire kumeneko. Nthawi zina imfa ya galu imadzutsanso maliro akale omwe munthu sunalire mokwanira chifukwa unali otanganidwa ndi bokosi, transipoti, chakudya cha anthu, nde musadabwe mukapezeka mukuganiza za malemu bambo kapena mayi pamene mumalira Tiger. Koma idyani ndithu olo phala. Masabata akamapita inu osagona, osadya, ntchito osagwira, pamenepo musakhale nazo nokha, kambani ndi abusa kapena munthu amene mumamukhulupirira, kuchipatala nakonso amathandiza za maganizo.

Tsopano pali nkhani ina imene sindikufuna muidumphe, ndi kafedwe kakeko. Mmene mwafotokozera, galu wabwinobwino dzulo lake, mmawa kunjenjemera, dovu, kufa tsiku lomwelo, zikufanana kwambiri ndi tameki, timibulu takuda tija amagulitsa mobisa m'misika ati tophera makoswe. Akuba amaika mu nyama kapena mu nsomba nkuponya mkati mwa mpanda. Amagwira msanga zedi, galu amasanza, kutsegula m'mimba, minofu kumangogwedera, kupuma movutika, ena satha ndi ola lomwe. Mankhwala ake alipo, jekeseni ya atropine, koma imafunika a vetenale akhale pomwepo nthawi yomweyo, nde inu mmawa umenewo kuti mupeze njinga yamoto, mumunyamule, mutsike mpaka pa Dedza boma, nthawi inali itakutherani kale. Ndikunena izi chifukwa ndikudziwa usiku mukumadzifunsa kuti bwenzi ndinadzuka msanga, bwenzi ndinamumanga pa unyolo. Mlandu ndi wa amene anaponya nyamayo, si wanu.

Ngati ndi tameki, yenderani mpanda wonse lero lomwe, kachidutswa kalikonse ka nyama kapena masanzi ake mukwirire pansi kwambiri, osagwira ndi manja, valani jumbo chifukwa poizoni ameneyu amalowera ndi pakhungu pomwe. Nkhuku, nkhumba, mphaka zikatola zifanso, ndipo mwana wamng'ono saona kusiyana. Mbale yake ndi pomwe anagona mutsuke ndi sopo ndi madzi ambiri. Dzenje lomwe munamuika ngati linali losazama wonjezerani dothi muikepo miyala ikuluikulu, afisi a m'mapiri mwathu muno ndi agalu a eni amafukula, komanso lisakhale pafupi ndi chitsime. Ndipo khalani maso masiku ano, nthawi zambiri opha galu amakhala akukonza njira yoti abwerenso, nde khola ndi nkhokwe ya kachewere muziyang'ane, auzeni amfumu ndi achitetezo a m'mudzi adziwe. Chokhacho musaloze chala munthu popanda umboni, mtima ukamawawa munthu umakayikira aliyense, udani wa pachineba umakhala zaka.

Koma dovu limabweranso ndi chiwewe, nde pano ndimvereni bwino. Chiwewe nthawi zambiri chimayamba ndi kusintha khalidwe kwa masiku angapo, galu wofatsa kuyamba kulusa, kuluma mitengo ndi miyala, mawu ouwira kusintha, kapena kungofooka kukamwa kuli yasa osatha kumeza, kenako amafa pasanathe masiku 10. Takumbukirani bwinobwino sabata yake yomaliza. Ngati Tiger anabayitsa katemera wa chiwewe chaka chino mtima ukhale m'malo. Ngati sanabayitse, ndipo pomuthandiza paja anakulumani olo pang'ono, anakukalani, dovu linagwera pa bala kapena m'maso, kapena ananyambita mwanayo kukamwa, musadikire kuti muone kaye, pitani kuchipatala cha boma pa Dedza mukafotokoze zonse akuuzeni za katemera. Matendawa amatha kubisala mwezi umodzi mpaka itatu munthu ali bwinobwino, koma akangoonekera sachizika. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati anthu pafupifupi 59,000 amafa ndi chiwewe chaka chilichonse padziko lonse, ambiri mu Africa ndi Asia, ndipo 4 mwa 10 aliwonse ndi ana osakwana zaka 15, chifukwa ana ndi amene amasewera ndi agalu komanso amabisa akalumidwa kuopa kukalipiridwa. Mufunseni mwanayo mofatsa osamuopseza. Ndipo kwa onse mukuwerenga mu gulupu muno, galu akakulumani tsukani balalo ndi sopo pa madzi oyenda kwa mphindi 15 kenako kuchipatala, osati kuthira phulusa kapena kumangapo ubweya wa galuyo.

Za kamtsikanako, muuzeni zoona. Musamuuze kuti Tiger wapita ku Lilongwe kapena wasochera, azikhala pa geti kudikira ndipo tsiku lomwe adzamve kwa anzake adzakhumudwa kawiri. Musamuuzenso kuti wagona, ana a msinkhu umenewo amatenga mawu mmene alili, mupeza akuopa kugona usiku kapena akufunsa kuti adzuka liti. Mukhazikeni pamwendo, muuzeni kuti Tiger anadwala kwambiri ndipo wafa, sabweranso, ndipo si chifukwa cha chilichonse chomwe iyeyo anachita, ana amadziimba mlandu mwakachetechete, mwina anamumenyapo ndi kamtengo tsiku lina nde akuganiza ndi chimenecho. Za akuba ndi poizoni musalowe nazo mkati, ingomuuzani kuti asamatole chakudya chapansi. Adzafunsa funso lomwelo kambirimbiri, mawa, mkuja, sabata yamawa, muziyankha chimodzimodzi osatopa. Akakuonani mukugwetsa misozi palibe choipa, muuzeni kuti adadi nawonso amusowa. Mupite naye pomwe munamuika aikepo mwala wake kapena adzale maluwa. Ndikudziwa kwathu kuno timathamangira kudzala pichesi, koma pamenepo ayi, tameki anapangidwa ngati mankhwala a mbewu olowera ku mizu, nde dzalanipo chosadyedwa. Ngati muli ndi chithunzi chake mu foni kachapitseni pa boma mumupatse asunge.

Unyolo ndi mbale zija musakakamizike kutaya lero. Mukatsuka ikani penapake, tsiku lake lidzakwana lokha.

Kagalu ka aneba ine ndingati musakane koma musathamangire. Ndikumvetsa kuti pakhomo popanda galu nyengo ino anthu akukumba kachewere ndi poopsa, nde simungakhale chaka chonse mukudikira mtima upole. Koma kagalu ka miyezi iwiri sikalondera, kafunika kukula kaye, ndipo mukakatenga mawa mtima uli kwa Tiger muzingokayerekeza, kakatafuna nsapato mukwiya kuti Tiger sankatero, pamene Tiger nayenso ali mwana ankatero ndithu. Musakatchulenso Tiger, mwanayo asankhe dzina lina yekha, zimamuthandiza kumvetsa kuti uyu ndi wina. Kagalu kamayenera kukhala ndi make mpaka masabata 8, nde auzeni aneba akasunge kaye kayamwe mokwanira, inu muzipita ndi mwana kukakaona, mukatero muona nokha ngati mtima ukukalandira.

Kakabwera muyambe ndi alangizi a ziweto a ku ofesi ya zaulimi ya mdera lanu (EPA) kapena ofesi ya vetenale pa boma. Mankhwala a njoka za m'mimba, katemera wa parvo amene amayamba pa masabata 6 mpaka 8 nkumabwereza, matenda aja tiagalu timasanza nkutsegula zamagazi tonse nkutha sabata imodzi, kenako wa chiwewe kakakwana miyezi itatu ndi chaka chilichonse. Tsiku lokumbukira chiwewe padziko lonse ndi 28 September, muzitchera khutu a zaziweto akamalengeza kampeni ya katemera mdera lanu. Nkhupakupa muzichotsa, mukaona galu wafooka nkhama zayera mkodzo wafiira musadikire. Ndipo mukaphunzitse kadakali kakang'ono kudyera mu mbale yake yokha, nthawi yake, kuchokera m'manja mwa anthu a pakhomo basi, usiku kazigona kokhuta komanso kutali ndi mpanda wa kumsewu komwe munthu angaponye chinthu mosavuta.

Mutiuze mu gulupu muno za katemera wa Tiger uja ngati anabayitsa, ndipo ngati sanabayitse mawa mmawa mwanayo akhale ali kuchipatala, kusukulu akapita mkuja.